Madontho Atatu pa Foni ya a Chulu

Mango ayambanso kupsa kuno ku Mnkhanya, ndiye kuti chaka chakwana chimwalirireni a Lameki Chulu. Sindinachite kuyang'ana pa kalendala. Ndadziwira fungo la mango owolera pansi, komanso ndowe za njovu zimene tayamba kuzipeza m'mawa kuseri kwa sukulu. Iwo ndi amene ankawerenga nyengo motero, ndipo zikuoneka kuti anandipatsirako.

Pamaliro awo anayankhula anthu ambiri. A mpingo anati anali munthu wofatsa, ife tonse n'kuyang'ana pansi, chifukwa a Chulu akanamva zimenezo akanadzuka kudzatsutsa. Ine sindinayankhule. Mawu ndinali nawo, koma sanali oyenera pamaliro, ndipo ndakhala nawo chaka chathunthu akundilemera pamtima.

A Chulu anagwira ntchito yolondola nyama m'makampu a alendo m'mbali mwa Luangwa mpaka tsitsi kuyera. Atapuma anabwerera kumudzi kwawo, pafupi ndi sukulu imene ndimaphunzitsapo. Sukulu anailekera mu giredi thuu, choncho zilembo ankazidziwa ngati anthu a mudzi wina, zina nkhope chabe, zina osazidziwa n'komwe. Koma dothi ankaliwerenga. Ankatha kuima pamsewu, manja kumbuyo, n'kukuuzani kuti apa padutsa njovu zingati, zadutsa nthawi yanji, ndipo zinali zokwiya kapena ayi.

M'mawa uliwonse, cha m'ma ziro faivi, ankatsika kukaona pamene msewu wathu wafumbi umawoloka dambo polowera ku Mfuwe. Pamenepo ndi pamene njovu zimadutsa zikamabwerera kutchire zitadya mango, ndipo ndi pomwenso pamadutsa aliyense wopita kuntchito ku makampu, kuchipatala kapena kumsika. Akaona zimene aona, ankatulutsa foni n'kutumiza uthenga wa mawu ku gulu la anthu a midzi yozungulira. Uthengawo sunkasintha kayambidwe kake.

"Mwauka bwanji nonse. Zilipo faivi, imodzi ili na kamwana. Zalowera kumatsanya. A njinga yembekezani dzuwa likwere."

Palibe amene anawatuma ntchitoyi, ndipo palibe amene ankawalipira. Koma amayi ankadikira mawu amenewa asanatulutse ana, ndipo ife aphunzitsi tinkadziwa kuti a Chulu akati yembekezani, belu lilira mochedwa.

Ine ndinatsikira kuchigwa kuno kuchokera ku Katete kudzaphunzitsa makompyuta, ndili ndi satifiketi yatsopano ndi pakamwa posachedwa kuyankha. A Chulu ndinadziwana nawo chifukwa cha sola ya pasukulu. Ankabwera masana kudzatchaja foni, n'kukhala pa benchi ya pakhomo la chipinda cha makompyuta kuidikira ngati munthu wodikira wodwala. Tsiku loyamba nditaitenga kuti ndiilumikize, ndinaona kuti pagalasi pake pali madontho atatu ofiira, otumphuka. Ndinayamba kuwakanda ndi chikhadabo poganiza kuti ndi litsiro.

"Imwe a Madamu, mufuna kuniphera maso?" anatero, n'kuilanda.

Madonthowo anali a penti wa zikhadabo. Anawaika mwana wawo Tisaine, amene amagwira ntchito ku Lusaka, tsiku limene anawagulira foniyo. Maso a a Chulu ankaona kutali bwinobwino, koma chapafupi zonse zinkasanduka chifunga, ndipo mandala ankawakana, ati ndi za abusa. Ndiye Tisaine anachita zanzeru. Dontho loyamba analiika pamene pamatsegukira mauthenga, lachiwiri pamene pamakhala gulu la m'mudzi, lachitatu pamene munthu amagwirira akamayankhula. A Chulu ankangoyendetsa chala chachikulu, kumva katumphu, n'kudina. Ankatha kutero akuyang'ana njovu, foni ili pansi pa chibwano.

Mkangano wathu unayambira pa funso limene foniyo inkawafunsa. Pakapita masiku, pagalasi pankatuluka kabokosi ka Chingerezi, kophimba madontho onse. Tsiku lina anandipatsa kuti ndiwamasulire.

"Ikuti pali kasinthidwe katsopano. Ikufunsa kuti isinthe tsopano, kapena pambuyo pake."

"Nanga ayi ali kuti?"

"Palibe ayi, atate."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati kuti ndine ndinamubisa. Kenako anati funso limene munthu sungaliyankhe kuti ayi si funso, ndi samani ya kukhoti. Kuyambira tsiku limenelo kabokosiko ankakatchula kuti kapaso, mthenga wa mfumu uja wobweretsa samani, ndipo kakatuluka ankadina kumanzere, pamene ndinawasonyeza kuti pali pambuyo pake. Ankadina mokondwa, monga munthu wobweza mlendo wosafunika ali pakhomo.

Ine ndinkawatsutsa, ndipo mpaka lero sindikuganiza kuti zonse zimene ndinkanena zinali zopusa. Ndinkawauza kuti kusinthako kumatseka mipata imene akuba amalowera, ndipo tonse tinkadziwa anthu amene anaberedwa kudzera pafoni. Ndinkawauza kuti amene amapanga zinthuzi ali ndi anthu dziko lonse lapansi, sangayende khomo ndi khomo kufunsa. Ndinkawauza kuti akasiya aliyense asankhe zake, foni idzadzaza mafunso mpaka munthu osaigwiritsanso ntchito. Makompyuta a pasukulu atasintha nkhope, batani loyambira litachoka pakona n'kupita pakati, ana anga anazolowera tsiku limodzi. Ndinawaitana a Chulu kuti adzaone okha.

Anaona, n'kugwedeza mutu. Anati ana alibe njira yakale m'manja, n'chifukwa chake sasochera. Anati akuba atsekeredwe ndithu, iwo sakana, koma kutseka mpata wa mbala ndi kusuntha chitseko cha mwini nyumba ndi ntchito ziwiri. Fanizo limene ankalikonda linali la munthu amene walowa m'nyumba mwako iwe uli kumunda, n'kusuntha nkhwangwa, machesi ndi mchere, kenako n'kukuuza kuti wakukonzera. Mwina wakonzadi, ankatero, koma njoka ikalowa, dzanja lako lipita pamene panali nkhwangwa dzulo.

Musaganize kuti anali munthu wosavuta. Ankakangana ndi akazi awo, amake Tisaine, chifukwa chosuntha chitsa chimene ankakhalira pansi pa bwemba wa pakhomo pawo, ngakhale atachisuntha kuti asese. Anyamata operekeza alendo m'magalimoto ankawanyoza poyera, ati amadziwa mayina a mbalame m'Chingerezi koma sangasiyanitse phazi la fisi ndi la galu. Namwino wa kuchipatala chathu, wochokera ku Kasama, anatopa nawo pa nkhani ya mankhwala a mtima. Nthawi zina ndinkaona kuti nkhani ya foni ndi liuma lomwelo, longovala malaya abwino.

Tsiku lina ndinaganiza kuti ndawapeza. Ndinawafunsa ngati iwo, pamene ankayenda ndi alendo m'tchire, ankawafunsa alendowo njira yoti adzere.

"Pamaso pa njati mlendo safunsidwa," anavomera.

"Ndiye mukusiyana pati ndi opanga mafoni? Nawonso akudziwa zoopsa zimene inu simukuziona."

Ndinayamba kumwetulira. Kenako anati, "Ine nenze kuyenda patsogolo, a Madamu. Nikalakwitsa, nyanga iyamba kupeza ine. Manje aja osintha foni, ayenda pati?"

Sindinagonje. Ndinangonena kuti nthawi ya kalasi yakwana.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Zinachitika nyengo ya mango ngati ino, chaka chimodzi iwo asanamwalire. Tisaine anabereka mwana wake woyamba, n'kutumiza kanema wa khandalo. Netiweki ya kumudzi kuno imakwanitsa mawu, koma kanema amangozungulira osatseguka. Aliyense kuno amadziwa mankhwala ake: ukamva kuti wina akupita ku loji kumene kuli waifai, umamupatsira foni. Munthu amatha kunyamula mafoni asanu m'chikwama, ngati mazira. Lachisanu limenelo ine ndinali ndi msonkhano wa aphunzitsi pa loji ina ya ku Nkwali imene imathandiza sukulu yathu, ndipo a Chulu anabwera m'mawa ndi foni yawo atakulunga m'kansalu.

"Munibweretsere mdzukulu wanga," anatero. "Koma kapaso akabwera, mumuuze kuti pambuyo pake. Mwamva, ka?"

"Ndamva, atate."

Kanema anatseguka mosavuta. Kenako kapaso anabwera, ndipo ine ndinakhala ndikumuyang'ana. Waifai inali yaulere komanso yamphamvu, mwayi umene foniyo sikanaupezanso msanga. Ndinadziuza kuti ndikuwateteza kwa akuba. Ndinadziuza kuti zikasintha pang'ono ndidzawaphunzitsa, ndi ntchito yanga. Pansi pa zonsezo, ndikuvomera, panali kamtima kofuna kupambana mkangano: aone kuti dziko silinathe. Ndinadina pa mawu akuti tsopano.

Itayakanso, ndinaona kuti sizinasinthe pang'ono. Zizindikiro zonse zinasamuka. Mabatani atatu a m'munsi, obwererera ndi otulukira, anachotsedwa, m'malo mwake munthu ankayenera kukhwekhwereza chala kuchokera m'mphepete. Pansi pa dontho loyamba panali poonera nyengo. Msonkhano unali kuyamba, ndipo ndinaiponya m'chikwama.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. A Chulu anali atapita kukaona wodwala kumudzi wina, choncho foniyo ndinasiyira amake Tisaine. Ndinawaonetsa kanema, tinasekera limodzi makutu a khandalo, ndipo za kusinthako sindinatchule. Ndinati ndibwera mawa ndikatha kuchapa. Ndinkafuna kugona kaye ndisanakumane ndi pakamwa pa a Chulu.

Loweruka m'mawa, dzuwa litangotuluka, ndinamva kugogoda kwamphamvu. Nditatsegula ndinapeza a Chulu akupuma ngati munthu womira, malaya atanyowa, nsapato imodzi palibe. Nkhalamba ya zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri inali itathamanga kuchokera kudambo.

"Ili pamsewu penipeni, na kamwana kobadwa manje manje," anatero. "Foni yakana. Nadina, nadina, inionetsa mitambo."

Nanenso ndinasochera kawiri ndisanapeze gululo. Ndinagwira poyankhulira, iwo n'kuyankhula. Tsiku limenelo sanapereke moni. Anangoti aliyense asayandikire dambo, aliyense.

Uthengawo unapita ziro sikisi itadutsa. Yotamu Sakala, bambo wa ana anayi amene ankaphika buledi pa kampu ina ku Nkwali, anali atanyamuka kale pa njinga. Masiku onse ankadikira mawu a a Chulu ali pakhomo, ndipo mawu akapanda kubwera nthawi yake ankadziwa kuti msewu uli bwino, chifukwa a Chulu sankachedwa pakakhala choopsa. Njovuyo inamupeza pokhota. Anapulumuka chifukwa inalimbana kwambiri ndi njinga, koma inamuthyola chiuno ndi mwendo. Lero amayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo ntchito ya kukampu inatha.

A Chulu sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anadikira masiku atatu, kenako anabwera kusukulu, n'kukhala pa benchi yawo opanda foni yoti atchaje.

"Inasintha yokha?" anafunsa.

Ndikanatha kunama. Mafoni ena amasinthadi okha, ndipo iwo sakanadziwa. Ndinati ayi, ndinadina ndine.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana kubwalo la mpira. "Aja ali kutali, sanidziwa. Saziwa kuti kuli nkhalamba ina ili na madontho. Koma imwe munaona madontho, a Madamu. Munawagwira na chala."

Kwathu timati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita choposa pamenepo, chifukwa ndinauzidwa ndisanafunse n'komwe. Zaka zonsezo ndinkateteza anthu akutali amene amasankhira anzawo, osadziwa kuti ndikuphunzira ntchito yawo.

Foniyo inatsala kwa ine kuyambira Loweruka lija, ndipo patapita sabata ndinapeza kuti mabatani a m'munsi aja akhoza kubwerera. Njira yake inalipo, yokwiriridwa mkati mwa mkati, pansi pa mawu a Chingerezi amene ngakhale ine mphunzitsi ndinachita kuwaganizira. Zizindikiro nazonso ndinazikoka chimodzichimodzi mpaka chilichonse chinakhala pansi pa dontho lake. Ndinapita nayo kwawo ndikuyenda mwachangu ngati mwana wakhoza mayeso. Anailandira, anayendetsa chala, anamva kuti zonse zili m'malo, n'kuipereka kwa akazi awo kuti akaiike m'sutikesi.

"Ndakonza, atate. Ili ngati kale."

"Mpaka liti?"

Ndinati sindikudziwa, ndipo chinali choonadi.

M'malo mwa foni anapeza chitsulo cha wilo ya galimoto, n'kuchipachika pa bwemba uja. Njovu zikakhala pamsewu ankachimenya katatu, kupuma, katatunso. Ankati ichi sichidzadzuka ndi nkhope ina. Apa ndi pamene tinakangana koopsa kuposa kale lonse, chifukwa chitsulo chimamveka midzi iwiri yokha, ndipo a kutsidya kwa dambo, amene ankadalira foni, anatsala opanda chenjezo. Ndinawauza kuti akulanga anthu osalakwa chifukwa cha ine. Ndinawauza kuti ndi liuma. Anayankha kuti kuli bwino munthu adziwe kuti palibe womuchenjeza, ayende maso ali tcheru, kusiyana ndi kudalira mawu amene tsiku lina sadzabwera. Mpaka pano sindidziwa amene ankanena zoona. Ndimangodziwa kuti chaka chimenecho ana a kutsidya anajomba masiku ambiri, chifukwa amayi awo ankaopa.

Ndinayesa kugwirizanitsa ziwirizo. Ndikamva chitsulo ndinkalemba ku gulu kuti a Chulu amenya, samalani. Koma chitsulo sichinena kuti zilipo zingati kapena zalowera kuti, ndipo anthu ankandifunsa mafunso amene ndinalibe mayankho ake.

Kwa Yotamu ndinapita kamodzi, nditazengereza kwa miyezi. Ndinamupeza pakhonde akusenda nyemba, ndipo ndinamuuza zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Musadzivute, aphunzitsi," anatero. "Tsiku lija foni yanga inalibe moto. Olo akanatuma pa ziro faivi, sinikanamva."

Mkazi wake, amene ankapeta chapafupi, anaima kupeta, anamuyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Sindinafunse. Mwina zinali zoona, mwina Yotamu anangondimvera chisoni, ndipo zonse ziwiri zimandisowetsa mtendere.

A Chulu anadwala chifuwa nyengo yotentha itayamba, ndipo monga mwa masiku onse anakana kupita kuchipatala mpaka mochedwa. Ndinakawaona masiku awiri asanatisiye. Anali atagona pamphasa pakhonde, ataonda moti manja okha ndi amene anatsala aakulu.

"Mwaswera bwanji, atate?"

"Naswera, a Madamu. Kapaso akali kubwera?"

Amake Tisaine anali atandipatsa foniyo kuti ndiziitchaja, kuti a Chulu azimva mawu a mdzukulu. Ndinati inde, akubwerabe.

"Muzimuuza kuti pambuyo pake," anatero, n'kutseka maso. Pakamwa pawo panaoneka ngati akufuna kuseka. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kundikhululukira kapena kundikumbutsa, ndipo ndinachita mantha kufunsa.

Maliro atatha, amake Tisaine anapita kukakhala kwa mwana wawo ku Lusaka, ndipo foni anandisiyira. Anati ine ndi amene ndimaidziwa. Ndimaitchaja pa sola ya pasukulu, ndipo kapaso akabwera ndimadina kumanzere. Ana a m'kalasi mwanga amandiseka, ati a Madamu amatiphunzitsa zatsopano koma akusunga foni ya makedzana. Masiku ano ndikamawaphunzitsa, ndimayamba ndi kuwasonyeza kumene kumabisala njira yobwezera zinthu mmene zinalili. M'buku mulibe zimenezo.

Lero m'mawa ndinapita kunyumba kwawo. Chitseko n'chokhoma ndi waya, ndipo udzu wa padenga wayamba kutsetsereka mbali imodzi. Chitsa chija chili pomwe chinali, palibenso wochisuntha, ndipo chiswe chayamba kuchikwera. Chitsulo chikulendewerabe pa bwemba, chachita dzimbiri, koma chomenyera chake wina anatenga. Pansi pa mtengowo, pa dothi limene amake Tisaine ankasesa tsiku ndi tsiku, panali mapazi a njovu, aakulu ndi aang'ono, opondana.

Ndinatulutsa foni. Dontho loyamba linatsegula mauthenga, lachiwiri linatsegula gulu, zonse zinayenda bwinobwino. Ndinaika chala pa dontho lachitatu, n'kuyang'ananso pansi. Sindinathe kudziwa kuti zinali zingati, zadutsa nthawi yanji, kapena zalowera kuti. Ndinaima pamenepo chala chili pa dontho, foni ikudikira kuti ndiyankhule, ndipo kumsewu ndinamva belu la njinga ikutsikira kudambo.